Dzuwa likundithawa pojambula panja ndi penti ya mafuta

Anzanga odziwa kujambula, ndithandizeniko. Ndangoyamba kumene kujambula mapiri ndi mitengo ndili panja, ndi penti ya mafuta, ndipo chimene chikundisowetsa mtendere ndi dzuwa. Ndimayamba cha m'ma 7 koloko m'mawa mithunzi ili italiitali, koma pofika 9 koloko yafupika, phiri lomwe linali lobiriwira latuwa. Ine n'kumangosintha mitundu, kupaka pamwamba pa penti yosauma, mapeto ake chithunzi chonse chimangosanduka matope. Dzulo mtengo wakutsogolo unachita kumira m'phiri, malire ake osaonekanso.

Ndinamva kuti poyamba umapaka penti yopyapyala yosungunula ndi turpentine, yamafuta ambiri n'kubwera pamwamba. Kodi zimenezi zimathekadi pa maola awiri okha? Kapena nditenge kabolodi kakang'ono, ndiike mithunzi kaye n'kuisiya momwemo ngakhale dzuwa lisunthe?

Chinanso, chithunzi chosauma mumabwerera nacho bwanji kunyumba? Changa chomaliza chinamata udzu ndi tizilombo tiwiri, kenako mkono wa malaya unafufuta theka la thambo.