Mwambi wa chinkhwe: kodi Chen Luyu akamabwereza mawu a mlendo ndiye yingwu xue she?

Nangozo: Akuluakulu, ndithandizeni. Pa pologalamu yocheza ya pa TV ya Chitchaina yotchedwa Lu Yu You Yue, mlendo akatchula msinkhu umene anachokera kwawo, wofunsa mafunso, Chen Luyu, amangobwereza nambala yomweyo mofunsa, kenako duu. Ine ndimati mwambi wa yingwu xue she, chinkhwe kutengera lilime la munthu, ndi pake pamenepa. Alamu anga ophunzitsa Chitchaina akuti ndaupotoza. Ndaupotoza pati?

Malume a ku Zomba: Alamu anuwo sananame, achemwali. Mwambiwu gwero lake ndi buku la Abuda a Chan (nthambi ya Chibuda ya ku China) lotchedwa Jingde Chuandeng Lu, la m'chaka cha 1004. Mphunzitsi wina mmenemo anayerekeza oloweza malemba ndi chinkhwe: mawu a munthu chimatola, koma zimene munthuyo akutanthauza sichizimva. Mlandu wa chinkhwe ndi kusamva, osati kubwereza. Tsono yang'anitsitsani Luyu. Satenga chiganizo chonse. Amatola kamodzi kokha, kaya nambala, dzina la malo kapena liwu limene mlendo walinena mothamanga ngati akulizemba, n'kulikweza kumapeto, n'kukhala chete. Mlendo amakakamizika kufotokoza. Wosamva sangadziwe liwu loti atole.

Wakuntcheu: Ine ndiye ayi. Agogo ankati mwana ukamufunsa n'kumakubwezera funso lako lomwe, ndiye kuti m'mutu mulibe yankho, akungogula nthawi. Ndipo si ife tokha, Atchaina eni ake amamuseka Luyu pa intaneti chifukwa cha zhen de ma wake uja, "zoona?" pa chilichonse. Chinkhwe basi.

Nabanda: Achimwene, mwasakaniza mbewu. Zhen de ma ndi chizolowezi chake, si mawu a mlendo ayi, ndiye mwambiwo sungakwanepo. Komanso Chitchaina chilibe liwu limodzi lokwana paliponse ngati "inde". Wina akafunsa ni qu ma, upita kodi, yankho ndi qu, kubwereza mneni womwewo. Akafunsa you meiyou, chilipo kapena palibe, uyankha you (chilipo) kapena meiyou (palibe). Ife sizitivuta, paja "mwadya?" timayankha "tadya". Ndiye mukawerenga zobwereza pa pologalamu, zambiri ndi mayankho wamba.

Pamene pali ntchito ndi pa tiziliwu tobwereza katatu. Dui dui dui (dui ndi "n'zoona") wonenedwa mofulumira mlendo ali mkati molankhula akutanthauza kuti ndikukutsatani, pitirizani. Dui dui dui yemweyo akatsika mawu n'kutsatana ndi danshi (koma) kapena na (ndiye), ndiye kuti wofunsa akulanda mpata mwaulemu, nthawi yatha kapena akufuna kusintha nkhani. Hao hao hao ndiye woopsa: nthawi zambiri si kuyamikira, ndi "chabwino, tamva, zakwana". Xing xing xing chimodzimodzi. Omasulira atsopano amalemba "zabwino kwambiri" pamene munthu watopa nazo, zokambirana zonse n'kutembenuka.

Wakuntcheu: Katatu konseko bwanji? Liwu limodzi silikwana? Ndi zimene ndikunenazi.

Malume a ku Zomba: Dui mmodzi wouma amamveka ngati woweruza akuchonga mayeso. Kwa mlendo wamkulu n'kupanda ulemu. Onerani pologalamu yocheza ya Qiangqiang Sanrenxing yoyendetsedwa ndi Dou Wentao, imene inayenda pa Phoenix TV kuyambira 1998 mpaka 2017. Anthu atatu okha patebulo. Awiri akayamba kukokana, Dou ankatola mawu a mmodzi n'kuwabwereza atawasintha pang'ono, kawirikawiri moseka, n'kuwaponyera kwa winayo. Wotsutsidwayo ulemu wake umasungika chifukwa mawu ake amveka kawiri asanakanidwe. Cui Yongyuan, woyendetsa pologalamu ya Shihua Shishuo pa CCTV, TV ya boma la China, imene inayamba 1996, ankachita zofanana ndi anthu wamba a m'holo: kubwereza zimene wanena wamanyazi kuti onse amve, nthabwala n'kubwera pambuyo.

Anaphiri: Ndiwonjezere kamodzi kamene kamagwetsa ophunzira athu. Wofunsa akati ni shuoshuo kapena tantan, mneni wabwerezedwa kuti pempho lifewe, "tatiuzeniko pang'ono". Kwathu kunenanena ndi kulongolola, kuyendayenda ndi kusakhazikika, kubwereza kumachulukitsa. Kwao kumachepetsa. Wina akamasulira kankan kuti "kuyang'anayang'ana" waphonya, ndi "taonaniko".

Za agogo a Wakuntcheu, agogo omwewo pa nthano ankafuna "tili tonse" pa chiganizo chilichonse, ndipo mukasiya kuvomera nthano imathera pomwepo. Pa nthabwala za Chitchaina za xiangsheng, zimene kawirikawiri amachita anthu awiri, pali munthu wa ntchito yotero, penggen, wovomera ndi kubwereza mawu a mnzake kuti nthabwala igwe bwino.

Wakuntcheu: "Tili tonse" si kubwereza mawu a wokamba. Ndi mawu ako. Mfundo yanga ikadalipo.

Nabanda: Apo mwagwira pang'ono, koma chinkhwe chenicheni mukachipeze kwa ana a masiku ano. Kuyambira cha m'ma 2015 aliyense ndi zhongyao de shiqing shuo san bian, nkhani yofunika inenedwe katatu, mpaka otsatsa malonda a sopo. Ndemanga zoyenda pa sikirini ndi 666 ndi yyds zokhazokha, zizindikiro zotamandira, munthu osadziwa n'komwe chimene wavomera.

Malume a ku Zomba: Kunonso n'chimodzimodzi. Mufunse mwana kuti kunyumba kwacha bwanji, akuti "bho bho". Mayeso? "Bho bho." Maliro omwe ndi bho bho.

Nangozo: Ndiye ndiwauze alamu kuti apambana?

Wakuntcheu: Auzeni aonere Luyu kwa ola lathunthu awerenge zhen de ma, akatero tidzakambirane.