Ndani anakwerako Michiru posachedwapa?

Abale ndithandizeni, Loweruka likubwerali ine ndi anzanga akuntchito tikufuna kukakwera Michiru koma ambirife sitinakwerepo phiri, ena kungokwera masitepe amakhala ali wefuwefu kale. Tamva zoti Njira ya Mtanda yoyambira ku Chilomoni ija ndi yabwino kwa ongoyamba kumene, ndi zoona? Kupita ndi kubwera zimatenga maola angati ngati tikuyenda pang'onopang'ono n'kumapumira? Nanga pamalipidwa kanthu, ndipo wotiperekeza timakamupeza komweko kapena tiyambe tamufunafuna? Chitetezo nacho bwanji, poti tili ndi azimayi angapo ndipo mafoni sitisiya, zithunzi ndiye zofunika. Wina akukakamira zoti tingoyamba ndi Soche kaye, pofewa ndi pati? Nsapato zothamangira wamba zikwana?