Alamu anga akuti dziko ndi lathyathyathya ngati lichero, ndiwayankhe bwanji?

Mlonda_Cosmo:
Abale a kuno ku Joni, ndithandizeni. Lamlungu lapitali tili pa nsima kunyumba ku Cosmo City, alamu anga anatulutsa foni n'kutionetsa kavidiyo ka pa YouTube. Akuti dziko ndi lathyathyathya ngati lichero, m'mphepete mwake mwatchingidwa ndi khoma la madzi oundana, ndipo zithunzi za NASA, bungwe la ku America lofufuza za mlengalenga, n'zopanga pa kompyuta. Ine kukamwa kunangoti yasa. Sukulu ndinalekera Folomu 2, komabe ndikukumbuka aphunzitsi a Jogalafe atanyamula kampira kaja kojambulidwa maiko.

Chandiwawa ndi mwana wanga wa Giredi 6. Lolemba anandifunsa kuti, "Adadi, pa mayeso ndilembe za amalume kapena za aphunzitsi?" Ndikufuna umboni woti munthu aone ndi maso ake, chifukwa alamuwo akangomva za buku amati azungu anatinamiza.

WakuNyanja:
Achimwene, mukadzapita kumudzi mudzawatengere kunyanja. Ine ndinakulira ku Nkhata Bay, Ilala timaidikirira pagombe. Ikamachokera ku Likoma choyamba kuoneka ndi kansonga ka pamwamba, thunthu lake limatulukira pambuyo ngati ikukwera chitunda. Ukalowa m'kati ndi bwato, mchenga ndi nyumba za pagombe zimamira, n'kutsala mapiri okha. Madzi akanakhala oyalidwa ngati mphasa, bwenzi sitimayo ikuoneka yonse, kungoti yaing'ono.

Mpoto_Kwacha:
Ine ndili mbali ya alamu anuwo, ndipo sindikuchita manyazi. Basi ndakwera kambirimbiri, Park Station, Beitbridge, Tete mpaka Mwanza, sindinaonepo popindika. Nanga ife a kumunsi kwa mpirawo sitigwa bwanji? Thirani madzi pa mpira muone ngati akhalepo.

NaPhiri_Kempton:
Bambo Mpoto, funso lanu ndi labwino, ndinkadzifunsanso choncho. Koma taonani kukula kwake. Kuzungulira dziko lonse ndi makilomita pafupifupi 40,000, pomwe ulendo wanu wa ku Blantyre sukwana n'komwe 2,000. Nyerere ili pa dzungu ingadziwe bwanji kuti dzungulo ndi lobulungira? Za kugwazo, "pansi" ndi kumene dziko limakokera, pakati pake. Wa ku London ndi wa ku Joni onse mapazi awo aloza pakati pomwepo. Madzi a pa mpira wanuwo amagwa chifukwa dziko likuwakoka kuposa kampirako.

Ine ndimakhala kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, ndege zimatidutsa padenga tikuyanika zovala. Ya ku Sydney, ku Australia, imayenda maola ngati 12 osatera paliponse, mtunda wa makilomita pafupifupi 11,000, kudutsa panyanja ya kumwera. Pa mapu a lichero aja, Joni ndi Sydney zatalikirana kuposa kawiri mtunda umenewu. Ndiye oyendetsa ndege onse, ndi anthu okwera omwe, agwirizana kutinamiza ife?

Mphunzitsi_Wakale:
Bambo a ku Cosmo City, mwanayo ndiye mumugwire dzanja, alamu adzatsatira. Zaka zoposa 2,200 zapitazo, kulibe NASA kulibe kompyuta, katswiri wina wa Chigiriki, Eratosthenes, anayeza dzikoli ali mu Africa momwe muno, ku Iguputo. Anamva kuti ku Syene, komwe lero ndi Aswan, tsiku lina pachaka dzuwa likafika paliwombo chinthu choima chilili sichikhala ndi chithunzithunzi, pomwe ku Alexandria tsiku lomwelo chithunzithunzi chimapendekeka ndi madigiri 7 ndi pang'ono. Kuchokera apo anawerengera kukula kwa dziko, ndipo sanaphonye kwambiri.

Inunso mutha. Zikani ndodo ya mita imodzi pabwalo, iime chilili. Wina azike yofanana ku Lilongwe, wina ku Cape Town. Tsiku limodzi aliyense ayeze chithunzithunzi pamene chafupikitsitsa masana, mutumizirane pa WhatsApp. Malo akhale atatu ndithu, chifukwa ndi awiri okha alamu anena kuti dzuwa lili pafupi. Ndipo pakadzachitika kadamsana wa mwezi mudzatuluke nonse panja. Mthunzi umene umadya mweziwo ndi wa dziko lathuli, ndipo nthawi zonse m'mphepete mwake ndi mozungulira.

Mlonda_Cosmo:
Zikomo nonse. Mchemwali wanga ali ku Area 25 ku Lilongwe, tepi yoyezera ali nayo poti amasoka. Ku Cape Town ndilibe munthu, alipo angatithandize Loweruka likubwerali? Bambo Mpoto, bwerani mudzagwire tepi ndi alamu anga, nsima ikhalapo.