Penti yoyera yafa, makina opolishira angaidzutse?

Bambo_a_Tadala, Ulongue:
Abale thandizeni, Hilux yanga yoyera ukapaka dzanja pa boneti limatuluka ngati wagwira ufa, komanso padzuwa pakuoneka timizere tozungulirazungulira. Ndabwereka makina kwa alamu anga, ndiyambire pati?

Mekaniki_Moatize:
Ndi dzuwa limenelo achimwene, lawotcha penti yapamwamba. Tsukani kaye bwinobwino chifukwa fumbi likatsalira siponji ya makinawo imalizunguza nkukandanso penti, kuno ndi fumbi la malasha ndiye usanene. Yambani ndi kompaundi (mankhwala opala penti yakufayo) pa kagawo kakang'ono, kenako polishi yofewa kuchotsa timizereto, pomaliza wakisi apo ayi ufawo ubweranso. Siponji ikamatenga mtundu woyera wa pentiyo mwina penti yanu ilibe vanishi, muzitsuka siponjiyo pafupipafupi.

Mayi_Zobue:
Timizereto ndi anyamata otsuka aja, nsanza imodzi matayala ndi bodi yomwe, kuthiranso sopo wa ufa.

Dalaivala_Tete:
Makinawo ngati ndi rotary (aja ongozungulira ngati wilo) musaimike malo amodzi, m'makona penti ndi yopyapyala imapsa msanga. Chitani pamthunzi m'mawa chitsulo chisanatenthe. Pa yoyera timizere timabisala, unikani ndi tochi ya foni madzulo.

Bambo_a_Tadala:
Zikomo akuluakulu, ndi rotary yomweyo. Ndiyesa kaye pa chitseko chakumbuyo.