Kodi ndere ya m'mwambi uja ndi chuma kapena litsiro?

Mdzukulu wa ku Ndirande: Akuluakulu, ndithandizeni. Agogo aamuna atamva kuti ndasiyanso ntchito kachitatu chaka chino, anangoti, "Mwala wogubuduzika sumera ndere," n'kupitiriza kusenda chinangwa chawo. Kuti amandidzudzula ndiye ndinamva. Koma ndere imene ndimaidziwa ine ndi yoterera ija ya pamjigo, yogwetsa amayi ndi ndowa zawo. Ndiye mwala wopanda ndere si ndiye waukhondo?

Wa ku Likhubula: Achimwene, vuto lanu mwakulira m'tauni. Ndere si ya m'madzi yokha. Ine ndanyamula katundu wa alendo m'phiri la Mulanje zaka zambiri. Mukakwera kulowera ku Chambe kapena ku Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002 paja, muona matanthwe oti dothi palibiretu, koma ali ndi mawangamawanga otuwa, ena achikasu, omata ngati chipere. Imeneyonso timati ndere. Ndiyo imayamba kumera pamwala pouma. Ikakhazikika imagwira fumbi, kenako pamabwera kaudzu kolimba kokhala ngati mphasa, kenako cheyo, chija amayi amakwechera mapoto. Cheyo mukachiona mu Okutobala mungati nkhuni zopsa, koma mvula ikangogwa chimaphuka maluwa oyera. Zonsezi zimafuna mwala wokhala phee.

Mphunzitsi wopuma, Zomba: Zoona zimenezo. Ndere ya pathanthweyo ndi zamoyo ziwiri zokhalira limodzi: china cha mtundu wa bowa, china chobiriwira chopanga chakudya ndi dzuwa. Imatulutsa asidi amene amadya mwala pang'onopang'ono, ndipo yambiri imakula mamilimita ochepa chabe pachaka. Miyala ya Mulanje ndi Zomba ilibe laimu wochuluka, choncho kadothi kake kamakhala ka asidi, kosauka. Chimanga sichingalimbe pamenepo. Agogo anuwo akutanthauza kuti chuma, abwenzi ndi mbiri zimamera pa munthu wokhazikika. Koma ndinene chilungamo: mwambiwu Angerezinso ali nawo wofanana ndendende, moti ine ndimaukayikira kuti unalowa kudzera m'sukulu za mishoni.

Mayi wa ku Phalombe: Aphunzitsi, ngakhale utachokera kwa azungu, ife miyala yogubuduzika tinaiona ndi maso mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. Napolo atatsika, anasiya miyala yoyera mbee m'minda mwathu, ina yaikulu ngati nyumba. Mpaka lero ukayang'ana kuphiri umaona zipsera zoyera mmene anadutsa. Mphasa ya udzu imene inatenga zaka zosawerengeka inasendeka usiku umodzi.

Mchewa wa ku Harare: Kuno pamatanthwe pali kachitsamba kamene Ashona amati mufandichimuka. Kamauma gwaa, koma ukakaviika m'madzi madzulo, m'mawa kabiriwira. Ine ndinagubuduzika kuchoka ku Dedza mpaka kuno, ndipo nyumba ndamanga. Osangomuopseza mnyamatayo.

Wa ku Likhubula: Bambo, mwakhala ku Harareko zaka zingati?

Mchewa wa ku Harare: Ndinabwera ndili mnyamata, pano ndili ndi zidzukulu.

Wa ku Likhubula: Ndiye inu munagubuduzika kamodzi n'kuima. Ameneyu katatu chaka chimodzi!

Mdzukulu wa ku Ndirande: Chabwino, ndamva. Koma ntchito yachitatuyo abwana sanatilipire miyezi iwiri. Nanga pamenepo ndikanadikira ndere ndikudya chiyani?