Mbiri ndi kamangidwe ka hotela ya Ridgeway ku Lusaka

Nyamazana wa ku Chelston:
Akuluakulu, ndimadutsa kawirikawiri pamene Church Road imakumana ndi Independence Avenue, ndipo ndimadabwa kuti hotela ya Southern Sun Ridgeway ndi yotchuka chonchi koma ndi yaifupi, pamene hotela ya Pamodzi imene ili mumsewu womwewo imaonekera patali. Kodi inamangidwa liti, ndipo anaijambula ndani?

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi, hotela imeneyi inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, dziko lino la Zambia likutchedwabe Northern Rhodesia. Likulu linachoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, ndipo atsamunda anasankha mtunda umene uli kum'mawa kwa njanji kuti amangepo maofesi a boma ndi nyumba za mabwana, n'chifukwa chake dera lonselo limatchedwa Ridgeway. Alendo a boma ankafunika malo ogona pafupi ndi maofesiwo, pakuti hotela zakale zinali kumunsi, cha ku Cairo Road. Amene anaijambula ndi Geoffrey Jellicoe wa ku Britain.

Mmisiri wa ku Libala:
Aphunzitsi anena zoona, ndipo dzina limenelo ndi limene likuyankha funso la kutalika. Jellicoe ankadziwika kwambiri ndi luso lokonza minda ndi madzi, ndipo ndi yemweyo amene anakonza chikumbutso cha John F. Kennedy, yemwe anali pulezidenti wa America, ku Runnymede m'dziko la England, chimene chinatsegulidwa mu 1965. Munthu wotere samanga kuti odutsa mumsewu achite chidwi. Nyumbayo inayang'ana mkati, kuzungulira bwalo lokhala ndi dziwe, kotero kuti munthu akakhala pakhonde lodyerapo amamva kamphepo ngakhale mu Okutobala, ndipo phokoso la minibasi limatsala kunja. Padziwepo pamamanga zisa mbalame zoluka, ndipo alendo ambiri amakumbukira ting'ona tating'ono timene tinkasungidwamo. Kwa ine kamangidwe kameneka kakuyenerera nyengo yathu kuposa nyumba zagalasi zimene zikumera masiku ano, zimene sizikhalika magetsi akazima.

Gogo wa ku Kabwata:
Ana anga, kukongolako sindikukana, koma tisaiwale kuti mtunda umenewo sanaukonzere ife. Pamene azungu ankapuma pamthunzi kumeneko, antchito akuda ankagona m'tinyumba tozungulira taudzu kuno ku Kabwata, ndipo tina mwa ito tikadalipo pa Kabwata Cultural Village. Amene akufuna kumvetsa mmene mzinda uno unagawidwira apite akaone malo awiri onsewo tsiku limodzi.

Nyamazana wa ku Chelston:
Zikomo agogo ndi nonse. Ine ndinkaidziwa ndi dzina la Holiday Inn ndili mwana. Kodi pamene eni ake ankasintha, mbali ziti za nyumbayo zinatsala monga mmene Jellicoe anazisiyira?