Ndithandizeni: crystallomancy m'Chichewa tingati chiyani?

Abale anga a m'gulu muno, ndagwira njakata. Ndikumasulira nkhani ya John Dee, katswiri wa masamu ndi nyenyezi wa ku England amene ankalangiza Mfumukazi Elizabeth I, ndipo liwu limodzi landiimitsa masiku atatu: crystallomancy. Ndi zija zoti munthu amayang'anitsitsa mu mwala woonekera mkati, nthawi zambiri wosemedwa mobulungira ngati mpira, mpaka ayambe kuonamo nkhope kapena zochitika. Dee mwini wake maso ake ankakana. Kuyambira 1582 ankadalira Edward Kelley kuti aziyang'ana mu mwalawo m'malo mwake, iye n'kumalemba zimene Kelley ankati angelo akunena.

Poyamba ndinalemba kuti "kuyang'ana pagalasi". Mchemwali wanga atawerenga anaseka chikhakhali, amvekere, "Ndiye mkuluyu amapesa ndevu kapena?" Ndinafufuta. Kenako ndinayesa "kulosera", koma likundiperewera, chifukwa kulosera n'kunena za m'tsogolo, pamene Dee ankafunsanso zinsinsi za chilengedwe. "Kuombeza ula" ndi kumene kukundikoka, koma ndikamva ula ndimaganiza za zinthu zogwira ndi manja, pomwe apa ntchito yonse ili m'maso. Ndilembe chiyani kuti owerenga asasokonezeke?

Yankho 1:
Achimwene, vuto lanu ndi liwu loti ula, osati kuombeza. Chotsani ulawo. Kuombeza n'kufunafuna zobisika, njira yake mumaitchula pambuyo. Lembani "kuombeza poyang'ana mu mwala wonyezimira" koyamba, kenako muzingoti "kuombeza ndi mwala". Azungu nawonso anachita chimodzimodzi: liwulo ndi la Chigiriki, krystallos ndi manteia. Manteia ndiye kuombezako, ndipo krystallos poyamba linkatanthauza madzi oundana, chifukwa akale ankayesa kuti mwalawu ndi madzi amene anauma gwa osasungunukanso.

Yankho 2:
Ine "wonyezimira" sindikugwirizana nalo. Golide amanyezimira koma simungaone mkati mwake. Nenani "woonekera mkati". Komanso chenjerani, si zonse za Dee zinali za mwala woterowo. Ku British Museum ku London kuli kalilole wakuda amene amati anali wake, wosemedwa kuchokera ku mwala wa chiphalaphala cha phiri, wochokera kwa Aaziteki a ku Mexico. Kuombeza ndi kalilole kuli ndi dzina lakelake, catoptromancy, ndipo kwa madzi ndi hydromancy. Liwu lowaphatikiza onsewa ndi scrying. Onani kaye kuti ndime yanuyo ikunena chiti.

Yankho 3:
Zinthu ngati izi mukuzimasuliranji? N'zaufiti izi.

Wofunsa:
Mayi, ndikumasulira mbiri yakale, sindikuphunzitsa anthu kuombeza ayi. Ndipo "ufiti" ndi liwu limene ndikulipewa dala, chifukwa mfiti amapweteka anthu, pamene Dee ankayamba ndi pemphero asanakhale pansi ndi Kelley. Kaya analondola kaya anasochera, owerenga adzaweruza okha.

Bambo a yankho lachiwiri, mwandiombola. Ndabwereranso ku ndimeyo ndipo ndapeza kuti malo awiri akunena za kalilole, ine ndinali nditalemba mwala ponseponse. Tsopano funso latsala ndi ili: liwu lachizungulo ndilisiye kamodzi poyambirira kuti wofuna kufufuza alipeze, kapena ndilichotseretu? Mkonzi akufuna ntchitoyi Lachisanu.